Mabilu a Madokotala Omwe Sankandidziwa

Chaka chimene mwana wanga wamkazi analowa sekondale, ine ndinali ku Dubai, ndikulera ana a eni. Ndinkagona m'nyumba momwemo mwa mabwana anga, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, pafupi ndi makina ochapira. Anawo anali awiri, wamkulu wa sukulu, wamng'ono wongoyamba kumene kuyenda. Madamu sanali munthu woipa. Malipiro ankandipatsa mwezi ukangotha, Lamlungu ankandilola kutuluka, ndipo ndikadwala ankapita nane okha kuchipatala. Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti mwana wanga ankakulira kwa mng'ono wanga ku Zomba, ine n'kumangomuona pa foni. Masana ena mng'ono wangayo anandiimbira kundiuza kuti mwana uja watha msinkhu, ndipo amayi a kumpingo amulangiza kale. Ndinathokoza, n'kudula foni, n'kupitiriza kusita malaya a bwana. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunafuna njira yobwerera kwathu yoti ndisakakhale manja lende.

Ndisanabwere kuno ndinagwirapo ntchito pa kachipatala kena ka mishoni. Sindinali namwino ayi. Ndinkakhala pa windo, kulemba mayina a odwala m'kompyuta ndi kuwapatsa manambala. Thandizo lochokera kunja litatha anachotsa anthu angapo, ine ndili momwemo. Nkhani imeneyi ndinkakonda kuifotokoza kwa anzanga, mwina pofuna kuti adziwe kuti ndinali ndi ntchito ina ndisanayambe kusintha matewera.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ambirife tinkakwera basi kupita ku Satwa, dera lina la mumzindamu, kwa mayi wina wa ku Kasungu amene anakhalitsa ku Dubai kuposa tonsefe. Ankagwira ntchito yochapa pa hotela ina, ndipo ankachita lendi kachipinda kogawa ndi matabwa pamwamba pa shopu ya telala. Tonse tinkangowatchula kuti Amayi. Mtsikana akathawa kwa bwana wankhanza, kofikira kunali kwa Amayi. M'Malawi akamwalira, woyenda khomo ndi khomo kusonkhetsa kuti thupi lipite kumudzi anali Amayi. Ngakhale ineyo, miyezi yanga yoyamba, ndinalirapo kangapo m'kachipinda kameneko, iwo akundisisita kumsana.

Ndi iwowo amene anandionetsa nkhaniyi pa foni yawo. Anandikokera pa masitepe, kutali ndi phokoso la anzathu, n'kundiuza kuti andipezera chinthu. Kuno anthu ambiri opita kwa dokotala amakhala ndi inshuwalansi. Dokotala akamuona wodwala, pamafunika munthu wolemba bilu yopita ku kampani ya inshuwalansiyo, matenda aliwonse ndi nambala yake, chithandizo chilichonse ndi nambala yake. Kampani ya pa foni ya Amayi inkanena kuti madokotala athodwa nayo ntchito imeneyi, moti akusakasaka anthu oti aziwalembera mabiluwo ali kunyumba. A kampaniyo amakuphunzitsa, amakugulitsa pulogalamu ya m'kompyuta, kenako amakulumikiza ndi madokotalawo. Chimene chinandigwira mtima chinali chakuti ntchitoyo ungathe kuigwira uli m'dziko lililonse, bola pakhale intaneti. Amayi anati atangoiona anaganiza za ine, poti za kuchipatala ndimazidziwa kale.

Amene ankayankha foni ya kampaniyo anali bambo wa mawu ofatsa, wolankhula Chingerezi chosavuta kumva. Poyamba sanandifulumizitse. Anandifunsa za ntchito yanga yakale, za mwana wanga, ndi chimene ndinkalakalaka. Atamva za Zomba anaseka pang'ono, n'kunena kuti ali ndi ophunzira ena amene anabwerera kale kumayiko kwawo, ndipo pano akulemba mabilu ali pakhonde, ana awo akusewera pafupi. Patapita masiku ndi pamene anayamba kunena kuti malo atsala ochepa, ndipo mtengo wotsitsawo ukutha sabata yomweyo.

Ndili ndi achimwene anga kuno. Ndi mlonda pa nyumba ina yaitali ya maofesi ku Business Bay, ndipo amagona ku nyumba za kampani yawo ku Dubai Investments Park. Nditawafotokozera, sanasangalale. Anandifunsa funso limodzi lokha.

"Ngati madokotalawo akusowadi anthu, bwanji wolipira ukhale iwe?"

Ndinawayankha kuti sukulu iliyonse imalipiritsa. Iwo sanatsutse, koma anapempha adiresi ya kampaniyo. Inali ku Business Bay komweko, ndipo anapitako pa nthawi yopuma, ali mu yunifolomu yawo. Anapeza chipinda chimodzi chachikulu, mayina a makampani ambirimbiri ali pa bolodi imodzi pakhomo. Dzina la kampani yathu linalipo. Mtsikana wolandira alendo anawauza kuti eni ake sabwerabwera, amangotumiza munthu kudzatenga makalata. Achimwene anati zimenezi amaziona tsiku ndi tsiku kuntchito kwawo: anthu ena amalipira dzina pa bolodi, koma alibe ngakhale mpando.

Ndinamuimbira bambo uja kumufunsa za ofesi yopanda anthuyo. Sanadodome n'komwe. Anati n'zoona, ndipo umenewo ndi umboni wa zimene amaphunzitsa: onse a kampaniyo amagwirira ntchito kunyumba, ndiye kulipira ofesi yaikulu n'kutaya ndalama. Yankho limeneli linandikhutiritsa. Ndinatumiza ndalama zimene ndinkasungira malata a nyumba yanga ya kumudzi, pamodzi ndi chithunzi cha pasipoti chimene anati n'chofunika polembetsa. Achimwene atamva kuti ndalipira anati poti zatheka, andiperekeza kukagula laputopu kuti asandigulitse yakufa. Tinaipeza yogwirapo kale ntchito pa kashopu kena ku Satwa, ndipo anandinyamulira okha mpaka pokwerera basi.

Masabata a maphunzirowo ndinali wosangalala kwambiri. Wamkulu akapita kusukulu, wamng'ono n'kugona tulo ta masana, ndinkatsegula laputopu pa thebulo lositira, chitseko chili chotsegula kuti ndimve mwana akadzuka. Maphunzirowo anali mavidiyo a munthu wosaoneka nkhope, akuwerenga zolembedwa. Ndinkaloweza manambala a matenda ndikutsuka mbale: shuga, chifuwa, kuthyoka kwa mkono. Mutu wanga, umene ndinkaona ngati wachita dzimbiri, unayambanso kugwira ntchito. Ndinauza mwana wanga kuti Khirisimasi ikubwerayi tidyera limodzi, ndipo sindidzabwereranso ku Dubai. Ku Satwa nako ndinkalankhula za ntchitoyi Lamlungu lililonse. Amayi ankangomwetulira.

Mayeso ake anali ophweka moti ndinadabwa. Funso lina ndinadziwa ndithu kuti ndalakwitsa, koma zotsatira zinabwera zoti ndakhoza zonse. Satifiketi inafika pa foni tsiku lomwelo. Pulogalamu ija nditaitsegula inakana kugwira ntchito, ndipo bambo uja anati pamafunika kulipira kiyi yoitsegulira, zomwe ankaganiza kuti anandiuza kale. Koma ndinali nditalowa kale patali. Ndinalipiranso.

Kenako ananditumizira mayina a zipatala zing'onozing'ono ndi manambala ake, n'kunena kuti onsewo akundidikira. Ndinasankha tsiku limene madamu anapita ndi ana onse kwa agogo a anawo. Ndinasamba, ndinavala bulauzi yanga ya kutchalitchi ngakhale kuti palibe amene akanandiona, n'kukhala pa bedi ndi foni.

Nambala yoyamba sinkagwira. Yachiwiri inali ya sitolo yogulitsa magalasi a maso. Kwina anandiuza mwachidule kuti ali ndi anthu awo olemba mabilu, kwina anati ntchitoyo anaipereka kalekale ku kampani yaikulu. Mnyamata wina anangoti khalas, kutanthauza basi m'Chiarabu, n'kudula ndisanamalize moni. Dzina la kampani imene inandiphunzitsa palibe ndi mmodzi yemwe amene ankalidziwa. Ndinapitirizabe kuimba.

Chakumadzulo ndinapeza mayi wina wa ku ofesi ya ndalama pa chipatala cha mano. Ameneyu anandimvetsera mpaka kumapeto. Anandifunsa amene anandipatsa nambala yawo, ndipo nditamuuza anapuma mozama. Anati si ine woyamba kuimba ndi mawu omwewo, ena anaimbapo miyezi yapitayo, onse akazi, onse ochokera kutali. Anandifotokozera modekha kuti mabilu amenewa amakhala ndi mayina a odwala ndi matenda awo, ndiye palibe dokotala amene angapereke zinsinsi zotero kwa munthu wosamudziwa, wopanda kampani yolembetsedwa, wongoimba pa foni. Pomaliza anandifunsa kuti viza yanga ndi ya ntchito yanji. Nditayankha kuti ya m'nyumba, anandilangiza kuti ndisiye kuimbaimba, ndingadziputire mavuto ena pamwamba pa amene ndili nawo kale.

Ndinavula bulauzi ija n'kukaika mpunga pamoto, chifukwa madamu anali atatsala pang'ono kufika.

M'mawa mwake ndinamuimbira bambo wa kampani uja. Mawu ake anali ofatsabe, koma nkhani inali itasintha. Anati iwo sanalonjezepo makasitomala, anangolonjeza mayina, ndipo zonsezo zinalembedwa m'mapepala amene ndinavomereza. Kupeza dokotala ndi khama la mwini bizinesi. Nditapempha kuti andibwezere ndalama zanga, anati lamulo la kampani silikulola, komabe popeza ndine munthu wabwino, pali njira ina.

"Mukatibweretsera munthu mmodzi n'kulipira, timakubwezerani gawo la ndalama zanu. Mukabweretsa angapo, zonse zibwerera. Ndi mmene anachitira mayi amene anakubweretsani inuyo."

Ndinamupempha kuti abwereze. Anabwereza, osaona cholakwika chilichonse.

Masiku otsala a sabata imeneyo sindikudziwa kuti ndinawadutsa bwanji. Ndinathira mchere kawiri mu ndiwo, ndinaiwala botolo la madzi la mwana wa sukulu. Madamu anandifunsa ngati kumudzi kuli maliro. Ndipo nthawi yonseyo, pambali pa mkwiyo, maganizo ena ankabwera okha osawaitana: nkhope za atsikana a ku Satwa, uyu amasunga ndalama, uyu amandikhulupirira, uyu wanena kale kuti akufuna. Ndinamvetsa mmene zimayambira.

Lamlungu sindinapite kutchalitchi. Ndinalunjika ku Satwa kuti ndikawapeze Amayi ali okha. Matelala anali akutsegula kumene mashopu awo. Ndinawapeza atakhala pa kampando kafupi, akukazinga mandasi a anthu amene ankabwera masana, miyendo yawo yotupa ataitambasula. Atangoona nkhope yanga anachepetsa moto.

Ndinawafunsa ngati n'zoona kuti analandira ndalama chifukwa cha ine. Sanakane. Anati iwo ndi amene anayamba kulipira, chaka chathachi. Mawondo anali atayamba kukana ntchito yoimirira tsiku lonse, ndipo ankafuna chinthu choti akachite kumudzi pamodzi ndi mwana wawo wamwamuna, amene anamaliza sukulu koma ntchito sakuipeza. Iwo kompyuta saidziwa, mavidiyowo sanawamvetse, ndipo atadandaula anauzidwa zomwe ndinauzidwa inezo. Ndalama zimene anawabwezera chifukwa cha ine zinali zochepa kwambiri, ndipo zinali zitapita kale ku mankhwala.

"Mwanawe, ine ndimati cholakwika ndi umbuli wangawu," anatero. "Ndimati iwe poti unagwirapo kuchipatala, zikuyendera. Ndimapemphera kuti zikuyendere."

"Nanga bwanji simunandiuze kuti inu zinakukanikani, Amayi?"

 Anatembenuza mandasi amene anali atayamba kupserera. Ndinkayembekezera kuti ndikalipa, koma sindinatero. Ndinakhala pa bedi lawo, iwo pa kampando kawo, mpaka tinamva anzathu akukwera masitepe.

M'gulu lathu munali mtsikana wina wa ku Chipata, wolera ana ngati ine, wansangala kwambiri. Tili mkati modya, anandiitana kuchokera kutsidya la chipinda, aliyense akumva.

"Ba sisi, nchito ija ya ma dokota iyenda bwanji? Nasunga ndalama, nifuna nilembetse na ine sabata ino."

Amayi anandiyang'ana. Sanandipemphe kanthu ndi pakamwa, koma ndinaona mantha m'maso mwawo. Ndikanatha kumutengera mtsikanayo pambali n'kumuuza mwakachetechete. Koma ndinadziwa kuti m'chipindamo munali enanso amene ankasunga ndalama chifukwa cha zimene ine ndinkalalikira Lamlungu lililonse. Ndinawauza onse kuti asalipire ngakhale khobidi limodzi, madokotala kulibe, ntchito kulibe, ndipo ndalama zanga zapita. Za Amayi sindinatchule. Koma wina anafunsa kuti ndinaidziwa bwanji kampaniyo, ndipo mayi wina wa ku Ntcheu anayamba kulira. Anaulula kuti nayenso anali atalipira mwezi womwewo, osauza munthu, ndipo amene anamutengera kumeneko anali Amayi omwewo.

Tsiku limenelo anthu anabalalika msanga, mandasi ambiri anatsala m'beseni. M'masabata otsatira gulu linagawanika. Ena ankati ndawachititsa manyazi Amayi, munthu amene anatisunga tonse, nkhani yoti tikanaikamba patokha. Ena ankati Amayi ndi wakuba wobisala m'mapemphero. Ine mbali zonse ziwiri sindinkagwirizana nazo, ndipo ndinasiya kupita ku Satwa. Lamlungu ndikaweruka ndinkangokhala m'molo ina yozizira, nyumba yaikulu ya masitolo, kuyang'ana anthu akudutsa mpaka nthawi yobwerera itakwana.

Achimwene sananene kuti anandichenjeza. Anapitanso ku ofesi ija n'kupeza dzina la kampaniyo litachotsedwa pa bolodi. Anandiumiriza kuti tikanene kupolisi, koma ine ndinkaopa funso la viza lija, ndiponso sindinkafuna kuti madamu adziwe. Pamapeto pake ndinawauza ndekha madamuwo, tili awiri m'khitchini. Za ndalamazo anandimvera chisoni, koma chimene chinawapweteka n'chakuti ndinkakonzeka kuchoka osawauza, pamene mwana wawo wamng'ono sagona popanda ine. Anandithandizabe kulemba dandaulo ndi kuimbira kubanki. Kubankiko anati popeza ndalamazo ndinatumiza ndekha, ndipo zinachotsedwa kale kumene zinafikira, chiyembekezo n'chochepa. Nambala ya bambo uja inasiya kugwira. M'malo mwake ndinayamba kulandira mafoni a anthu achilendo, odziwa dzina langa lonse monga lilili pa pasipoti, onena kuti angathe kundibwezeretsa ndalama zanga ndikawalipira kaye pang'ono. Mpaka lero sindidziwa kuti chithunzi cha pasipoti yanga chili m'manja mwa anthu angati.

Kontirakiti yanga itatha ndinasainira ina. Mwana wanga nditamuuza kuti Khirisimasi sindibwera, anangoti chabwino, n'kupereka foni kwa mayi ake aang'ono. Amayi a ku Satwa anabwerera kumudzi chaka chotsatira, mawondo atawakanikiratu. Ndinamva kuti owaperekeza ku bwalo la ndege anali ochepa. Ine ndinawatumizira uthenga wowafunira ulendo wabwino, iwo n'kuyankha ndi vesi la m'Baibulo, osawonjezerapo mawu awoawo.

Ndinkaganiza kuti nkhaniyo yathera pamenepo. Koma tsiku lina mng'ono wanga ananditumizira chithunzi, akufunsa ngati ndayamba bizinesi osawauza. Chinali chotsatsa malonda cha kampani ya dzina lina, mitundu ina, koma mawu ake omwe aja a mabilu a madokotala. Pakati pake panali nkhope yanga. Ndinali nditaiwala kuti tsiku limene satifiketi inafika, bambo uja anandipempha kuti ndidzijambule ndi laputopu, akuti n'cha mu faelo yanga. Ndinkamwetulira kwambiri pa chithunzicho. Pansi pake analemba mawu amene sindinawanenepo, oti ndinali wantchito wa m'nyumba koma tsopano ndimadzilamulira ndekha.

Ndinadandaula kwa eni tsamba limene chinkaonekera, ndipo chinachotsedwa. Patapita nthawi chinatulukiranso kwina. Anthu a kwathu amene amandizindikira amandifunafuna n'kundilembera, ena kundiyamikira, ena kufunsa njira yolembetsera. Aliyense ndimamuyankha, ndimamufotokozera zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale kuti kubwereza nkhaniyi kumandilemera. Ambiri amathokoza. Ena amaganiza kuti ndikuwabisira mwayi.

Mwezi wathawu anandilembera mayi wina wa ku Mzimba amene amagwira ntchito m'nyumba ku Sharjah, mzinda woyandikana ndi Dubai. Tinakumanapo kamodzi pa maliro a mnzathu. Anati ataona nkhope yanga mantha onse anamuchoka, chifukwa anadziwa kuti ndine munthu wopemphera, ndipo analipira kale. Ankangofuna kudziwa kuti madokotalawo amayamba liti kutumiza ntchito. Uthengawo unandipeza ndili pa geti ya sukulu, ndikudikira mwana wa madamu, dzuwa likuwotcha. Ndinayamba kulemba yankho, ndinafufuta, ndinayambanso. Kenako ndinaona kuti nkhani yotere si yolemba. Ndinamufunsa nthawi imene mabwana ake amakhala atachoka, kuti ndimuimbire tilankhulane pakamwa.